Mlandu wa khutu ndi mita: mbiri ya maampulifaya apamwamba a m'nyumba

Mukavundukula ampulifaya yodula, ija yofuna anthu awiri kuti ichoke pansi, mudzadabwa kuona kuti mbali yogwira nyimbo yeniyeniyo ndi yaing'ono. Malo ambiri adya ndi thiransifoma yolemera ngati mwala, makapasita osungira magetsi, onenepa ngati zitini, ndi zipsepse za aluminiyamu zotayira kutentha. Zimenezi n'zimene zimaulula ntchito yake. Ampulifaya siitenga mawu aang'ono n'kuwafufumitsa ayi. Imakoka magetsi a pakhoma, kuwasunga ali phee, ndipo kasiginolo kofooka kochokera pa singano ya mbale, pa CD kapena pa foni kamangotsegula ndi kutseka njira ya magetsiwo, monga dzanja lichitira pa mpopi. Madziwo si a dzanja, koma dzanja ndilo likulamula kuti atuluke motani. Chimene sipika imalandira ndi chifaniziro chachikulu cha kasiginolo kaja.

Ndiye chifanizirocho chafanana bwanji ndi mwini wake? Nanga woweruza ndani, mita ya injiniya kapena khutu la womvera? Malonda onse a maampulifaya apamwamba, aja pa Chingerezi amati high end, anabadwira pamene awiriwa anayamba kupereka zigamulo zosiyana.

Oyambitsa zonsezi nyimbo analibe nazo ntchito. Mu 1904 John Ambrose Fleming wa ku London anapanga valavu yoyamba, babu lagalasi lochotsedwa mpweya, lolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Patangopita zaka ziwiri Lee de Forest wa ku America anatulukira Audion, ndipo posakhalitsa anaikamo kawaya kopindapinda pakati pa mbali yotentha ndi mbali yolandira. Kawayako, kotchedwa grid, ndiko dzanja la pa mpopi lija. De Forest mwiniwake sanamvetsetse chifukwa chimene chipangizo chake chinkagwirira ntchito. Ankaganiza kuti kampweya kotsalira m'galasimo n'kofunika. Harold Arnold wa ku Western Electric ndi Irving Langmuir wa ku General Electric ndiwo anaonetsa kuti mpweyawo ukachotsedweratu valavu imakhala yodalirika. Wofuna zimenezi kwambiri anali kampani ya telefoni ya AT&T, ndipo mu Januwale 1915 liwu la munthu linayenda pa waya kuchokera ku New York mpaka ku San Francisco.

Koma waya wautali chotere umafuna maampulifaya ambirimbiri ondondozana, ndipo iliyonse inkapotozako mawu pang'ono. Kupotoza kwa yoyamba kunkakuzidwa ndi yachiwiri, yachiwiri n'kuwonjezerapo kwake, mpaka kumapeto kunkafika chisokonezo. Injiniya wachinyamata wa ku Bell Labs, Harold Black, analimbana ndi vutoli zaka zingapo osaphula kanthu. M'mawa wa pa 2 Ogasiti 1927, ali m'chombo chowolotsa anthu pa mtsinje wa Hudson kupita kuntchito ku Manhattan, nzeru inamugwera. Polembapo panalibe koma nyuzipepala ya New York Times imene inali m'manja, ndipo anajambula pomwepo, pa tsamba limene linali ndi mpata. Nzeruyo ndi iyi: pangani ampulifaya yokuza mopyola muyeso, kenako tengani kagawo ka zimene yatulutsa, mukatembenuze, mukabweze polowera. Pamenepo ampulifaya imakhala ikuyerekeza zimene yalankhula ndi zimene inauzidwa, ndipo chilichonse chimene yapeka yokha chimadzifafaniza. Mwataya dala mbali ya mphamvu yokuza, mwagula ukhondo wa mawu. Imeneyi ndiyo negative feedback. Oona za ziphaso za luso latsopano anaikayikira, poti inkaoneka ngati kuyenda chambuyo, moti chiphaso cha Black chinatuluka mu 1937, patatha zaka 9 chipemphereni. Dzina la feedback limeneli musaliiwale, ndilo lidzadanitse anthu kutsogoloku.

Nyimbo zinalowera ku nyumba zoonetsera kanema. Mafilimu atayamba kulankhula kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Western Electric inkaika zokuzira mawu m'maholo, ndipo mu 1938 inatulutsa valavu yotchedwa 300B. Valavu imodzi yotere imapereka mawati 8 basi. Mungafunse kuti mawati 8 angadzaze bwanji holo. Yankho lili pa sipika: za nthawiyo zinali malipenga aakulu, ena otalika kuposa munthu, amene ndi wati imodzi yokha amatulutsa mawu opyola madesibelo 100 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Izi zidzaonekanso mobwerezabwereza, kuti ampulifaya ya m'badwo uliwonse imapangidwa poyankha sipika ya m'badwo umenewo.

Nthawi ya mavalavu

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kunali anthu ambiri amene anaphunzira za wailesi ndi radar ku usilikali, zipangizo zotsala kunkhondo zinali mbwee motchipa, ndipo mu 1948 Columbia inatulutsa mbale za LP. Ku Britain, Harold Leak analengeza mu 1945 ampulifaya imene anaitcha Point One, kutanthauza kuti kupotoza kwake sikupyola 0.1 peresenti, pa nthawi imene maperesenti angapo ankaoneka ngati abwinobwino. Mu Epulo ndi Meyi 1947, D.T.N. Williamson, mnyamata amene anagwirapo ntchito ku fakitale ya mavalavu ya Marconi-Osram, anasindikiza pulani ya ampulifaya yake m'magazini ya Wireless World kuti aliyense wofuna amange. Inali ndi mavalavu awiri a KT66 potulukira, mawati 15, ndi feedback yozungulira ampulifaya yonse. Anthu anaimanga m'mayiko ambiri, ndipo kwa zaka zingapo dzina loti Williamson linali muyeso wa ampulifaya yabwino.

Pamene panali pothina ndi pa thiransifoma yotulukira. Valavu imagwira ntchito ndi mavoti mazanamazana koma magetsi oyenda ochepa, pamene sipika imafuna mavoti ochepa koma magetsi oyenda ambiri. Thiransifoma ndiye womasulira pakati pawo, ndipo womasulira waulesi amachedwetsa mawu apamwamba ndi apansi kwambiri. Feedback ikabwerera mochedwa chotero siikonzanso zolakwika, imaziwonjezera, ampulifaya n'kuyamba kulira yokha. Ambiri amene anamanga Williamson ndi thiransifoma yotchipa anakumana nazo zimenezi. N'chifukwa chake mayina aakulu a nthawiyo anatchukira pa kakulungidwe ka waya. Frank McIntosh ndi Gordon Gow, mu 1949, anakulunga mawaya awiri moyandikana ngati mapasa, n'kutulutsa ampulifaya ya mawati 50 yopotoza mosafika peresenti imodzi kuyambira pa mahezi 20 mpaka 20,000, ndiko kuti kuyambira pa mawu apansi kwambiri mpaka apamwamba kwambiri amene khutu limamva. Kampani yawo inakakhazikika ku Binghamton, New York, kumene ili mpaka lero, ndipo MC275 yawo ya mu 1961, ya mavalavu a KT88 ndi mawati 75 mbali iliyonse ya stereo (sipika ya kumanzere ndi ya kumanja), inadzabwereranso pamsika patapita zaka zambiri chifukwa anthu sanaleke kuifuna. Ku Huntingdon, Peter Walker anatulutsa Quad II mu 1953, kabokosi kodzichepetsa ka mawati 15. Ku Philadelphia, David Hafler ndi Herbert Keroes anatchukitsa mu 1951 kalumikizidwe ka mavalavu ku thiransifoma yotulukira kochepetsa kupotoza, kotchedwa ultra-linear, ngakhale kuti Alan Blumlein wa ku EMI anali atakalembetsa kale m'zaka za m'ma 1930. Saul Marantz, amene anayambira kupangira zinthu zake kunyumba ku New York, anadziwika ndi Model 9 ya mu 1960, ya mawati 70, yokonzedwa ndi Sidney Smith.

Hafler yemweyo ndiye anafikitsa zinthuzi kwa munthu wamba. Stereo 70 ya kampani yake ya Dynaco, ya mu 1959, ya mavalavu anayi a EL34 ndi mawati 35 mbali iliyonse, inkagulidwa pa madola 99.95 ngati zidutswa m'katoni. Munthu ankayala tizipangizo pathebulo, kabuku ka malangizo pambali, chowotcherera chili m'manja, n'kumachonga mzere uliwonse akamaliza. Usiku wachitatu kapena wachinayi ankayatsa ali chinunu. Poyamba sipamveka kanthu. Kenako timawaya tam'kati mwa magalasi timayamba kufiira, galasi limati ting'i, ting'i potenthedwa, ndipo nyimbo imatulukira pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali. Anagulitsa zoposa 300,000, ndipo zambiri zikuimbabe.

Ine ndimaona kuti pofika apa, vuto lalikulu la kukuza mawu mwaukhondo linali litatha kale. Chimene chinadzutsanso ntchito ndi sipika. Mu 1954 Edgar Villchur anabwera ndi sipika ya bokosi lotsekedwa, imene kampani yake ya Acoustic Research inagulitsa ngati AR-1. Inkatulutsa besi yozama m'bokosi lokwana pa shelefu, koma inali yolimba mutu, yofuna mawati ambiri kuti ilankhule. Masamu ake ndi ankhanza. Mukawirikiza mawati kawiri mwangowonjezera madesibelo 3, kusintha kongomveka pang'ono. Kuti khutu limve ngati mawu awirikiza kawiri pamafunika mawati ochuluka ka 10. Sipika yotsika ndi madesibelo 15 poyerekeza ndi lipenga imafuna mawati oposa ka 30. Onjezanipo mbale za stereo za mu 1958, zofuna chilichonse kawiri. Mavalavu anayamba kuchepa mphamvu, ndipo chipinda chinayamba kutentha.

Tiranzisita ndi manyazi ake oyamba

Tiranzisita inabadwira ku Bell Labs mu Disembala 1947, m'manja mwa John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley. Mu 1956 H.C. Lin wa ku RCA anasonyeza kalumikizidwe kolola matiranzisita kuyendetsa sipika popanda thiransifoma yotulukira. Chitsulo cholemera ndi chodula chija chinachoka, feedback inatha kuthiridwa yambiri, ndipo manambala a pa mita anakhala okongola kuposa kale. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pafupifupi makampani onse anali atasiya mavalavu. Koma anthu ena amene anagulitsa ampulifaya yawo yakale n'kugula yatsopano anabwerera akudandaula kuti mawu ndi owuma, olasa m'khutu, otopetsa. Mainjiniya anawaonetsa mita. Omverawo anati mita yanuyo ilibe makutu.

Apa omverawo ankanena zoona, ndipo chifukwa chake chimamveka mukadziwa magulu a maampulifaya. Mawu ndi funde, theka lokwera ndi theka lotsika. Mu class A, valavu kapena tiranzisita siizima, imanyamula funde lonse, ndipo imadya magetsi ofanana kaya nyimbo ikulira kaya yaleka. Ambiri mwa magetsiwo amangosanduka kutentha. Mu class B pali awiri ogawana ntchito, wina wokankha wina wokoka, ngati anthu awiri ocheka mtengo ndi sowo imodzi, aliyense n'kumapuma mnzake akamagwira. Magetsi amapulumuka, koma pamene akupatsirana sowoyo pamakhala kakudodoma. Kakudodoma kameneka ndiko crossover distortion. Class AB ndi kunyengerera: onse awiri amakhala oyaka pang'ono nthawi zonse kuti kupatsiranako kusalale.

Matiranzisita oyambirira ankaopa kutentha, choncho opanga ankawasiya pafupi ndi class B. Tsono kakudodoma kaja kukula kwake sikusintha kwenikweni. Ampulifaya ikamalira ndi mphamvu zake zonse kamabisala, kamakhala kachigawo kakang'ono ka mawuwo. Mukatsitsa voliyumu usiku, pa wati imodzi kapena kucheperapo, kamaonekera poyera. Ndipo opanga ankayeza pa mphamvu zonse, ndi liwu limodzi losasintha. Vuto lina linali nambala yotchedwa THD, yophatikiza kupotoza konse pamodzi. Valavu ya triode, mtundu uja wa de Forest wokhala ndi grid imodzi, ikapotoza imawonjezera makamaka harmonic yachiwiri, liwu lomwelo koma octave imodzi pamwamba, ndipo khutu limailandira ngati kunenepa kwa mawu. Crossover imabala ya nambala 7, 9 ndi kupitirira, zosagwirizana ndi nyimbo, zimene khutu limazitola ngakhale zili zochepetsetsa. Kuziphatikiza mu nambala imodzi kuli ngati kuwerenga mbuzi ndi afisi pamodzi n'kunena kuti m'khola muli nyama 10.

Ena anathawira ku class A msanga: James Sugden wa ku Yorkshire ndi A21 yake, ndiponso John Linsley-Hood amene anasindikiza pulani ya mawati 10 mu Wireless World mu 1969. Koma msika unathamangira kwina, ku mpikisano wa mawati. Crown DC300 ya mu 1967 inapereka mawati 150 mbali iliyonse. Phase Linear 700 ya Bob Carver inafika pa 350, ndipo anthu anaipatsa dzina lachipongwe loti Flame Linear poti ikapsa inkapsa modzionetsera. Otsatsa malonda anayamba kupeka mitundu ya mawati yosadziwika, moti mu 1974 bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linalamula kuti aliyense azilemba mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza, pa sipika ya ma ohm otchulidwa (ohm ndi muyeso wa momwe sipika imakanira magetsi), ndi kupotoza kotchulidwa. Makampani a ku Japan anapitiriza mpikisanowo mpaka Pioneer SX-1980 ya mawati 270 ndi Technics SA-1000 ya mawati 330, ndipo pa mapepala awo ziro pambuyo pa kadontho ankangochulukirachulukira.

Mu 1970 Matti Otala wa ku Finland anatulutsa kafukufuku wonena za mtundu wina wa kupotoza, umene anautcha TIM. Ampulifaya yochedwa m'kati mwake koma yothiridwa feedback yambiri, ikalandira liwu lodzidzimutsa ngati kumenya kwa chinganga, mbali yolowera imadzaziratu feedback isanabwerere kudzathandiza. Liwu limodzi losasintha la pa mita silingaulule zimenezi. Kampani ya Electrocompaniet ya ku Norway inayambira pa pulani yochokera ku ntchito ya Otala. Pambuyo pake mainjiniya ena anasonyeza kuti wolakwa ndi kuchedwako, osati feedback payokha, ndipo ampulifaya yachangu ingathiridwe feedback yambiri popanda vuto. Koma mbiri yoipa siichedwa kufala. Mpaka lero mawu oti "mulibe feedback" amalembedwa pa zotsatsa ngati ulemu, chinthu chimene Harold Black akanadabwa nacho.

Kubadwa kwa high end

Anthu atasiya kukhulupirira manambala anafuna woweruza wina. J. Gordon Holt anayambitsa magazini ya Stereophile mu 1962, yoweruza chipangizo pochimvera. Harry Pearson anayambitsa The Absolute Sound mu 1973, ndipo ndiye anafalitsa mawu oti high end. Muyeso wake unali kulira kwa zida zenizeni m'holo yeniyeni, popanda chokuzira. Olembawa anabwera ndi chilankhulo chawochawo, chonena za kuya kwa bwalo la oimba, mpweya wozungulira chida chilichonse, kufunda ndi kuzizira kwa mawu.

Opanga a mtundu watsopano anatulukira nthawi yomweyo. William Zane Johnson anayambitsa Audio Research ku Minneapolis mu 1970, kupanga za mavalavu pamene aliyense ankati mavalavu anafa. Bill Conrad ndi Lew Johnson, akatswiri a zachuma, anatsatira mu 1977 ndi conrad-johnson. Kumbali ya matiranzisita, Mark Levinson, woimba besi ya jazi, anatsegula kampani ku Connecticut mu 1972, ndipo mu 1977 anatulutsa ML-2. Taganizani: pa nthawi imene masitolo ankanyadira mawati 300, iye anagulitsa bokosi lalikulu la mawati 25, la mbali imodzi yokha kotero kuti mumafunika awiri, la class A yeniyeni, lokoka mawati mazanamazana pakhoma ngakhale nyimbo isakulira, pa mtengo woposa wa onse aja. Anthu anagula. Kuyambira pamenepo kulemera, kutentha ndi kudula zinasanduka zizindikiro za ulemerero. Nelson Pass ndi Threshold yake anafufuza njira zopezera ukhondo wa class A popanda ng'anjo yonseyo. Dan D'Agostino anayambitsa Krell mu 1980, ndipo apanso sipika ndiyo inamukweza. Masipika a Apogee Scintilla ankatsika mpaka ohm imodzi, kutanthauza kuti pa mavoti omwewo ankakoka magetsi ochuluka ka 8 kuposa sipika wamba ya ma ohm 8. Maampulifaya ambiri ankazima kapena kupsa. Krell, ndi thiransifoma yake yaikulu ndi mizere ya matiranzisita, inkangowirikiza mawati ma ohm akamatsika.

Ku Britain anatenga njira yosafuna zitsulo zambiri. Julian Vereker wa Naim ku Salisbury, ndi NAP 250 ya mu 1975, ankalimbikira za gwero la magetsi ndi kayendedwe ka nyimbo, kuti phazi la womvera lizigunda pansi. NAD 3020 ya mu 1978, yokonzedwa ndi Bjørn Erik Edvardsen, inalembedwa mawati 20 okha koma inkayendetsa masipika ovuta kuposa ambiri olembedwa 50, pa mtengo woti wophunzira angakwanitse. Ndipo Peter Walker wa Quad uja anakana nyimbo yonse ya high end. Iye ankati maampulifaya opangidwa bwino, osakakamizidwa kupyola mphamvu zawo, amamveka chimodzimodzi. Mu 1978 gulu la omvera odziwa linayerekeza Quad II ya mavalavu, 303 ya matiranzisita ndi 405 yatsopano, osaona imene ikulira, ndipo silinathe kuzisiyanitsa.

Chochitika chimene chimandisangalatsa kwambiri pa mlanduwu ndi cha mu 1985. Bob Carver anauza akonzi a Stereophile kuti asankhe ampulifaya iliyonse, yodula motani, iye asintha yake ya matiranzisita ya madola pafupifupi 700 kuti imveke ndendende ngati imeneyo. Anamusankhira ya mavalavu yodula kangapo kuposa yakeyo. Carver anadzitsekera m'chipinda cha motelo ku Santa Fe, New Mexico, ndi zida zake. Njira yake inali yosavuta kuimvetsa. Analowetsa nyimbo imodzi m'maampulifaya onse awiri, kenako n'kulumikiza sipika pakati pa potulukira pa iyi ndi potulukira pa inayo. Sipika yolumikizidwa chotero imangolira kusiyana kwa awiriwo; akafanana ndendende imakhala duu. Ndiye iye ankasintha kachipangizo apa, kuwonjezera kena apo, kumvetsera kaphokoso kotsalako kakuchepa, mpaka kanatsala pang'ono kuzimiririka. Patapita masiku ochepa akonziwo anamvera, kusinthasintha mbale, ndipo anavomera m'magazini yawo kuti alephera kusiyanitsa.

Mbali zonse ziwiri zimakonda kunena kuti zinapambana pamenepa, koma ine ndimati zonse zinagwidwa. Onena kuti maampulifaya onse ndi amodzi ayenera kufotokoza chifukwa chimene Carver anavutikira kusintha yake. Onena kuti pali chinsinsi chimene mita singachione ayenera kufotokoza momwe anachikoperera ndi waya ndi tizipangizo totchipa. Mbali yaikulu ya chinsinsicho ndi yodziwika: ampulifaya ya mavalavu siigwira sipika mwamphamvu ngati ya matiranzisita, choncho pamene ma ohm a sipika akwera mawu amakwerako, pamene atsika amatsikako. Besi imamasuka, mawu apakati amabwera kutsogolo. Kumeneko ndi kusintha kwenikweni, komveka, ndiponso koyezeka. Kukhala kokoma kapena ayi ndi nkhani ya mwini khutu. Mu Januwale 1987 magazini ya Stereo Review inachitanso mayeso osaona, kuyambira pa Pioneer yotchipa mpaka pa za madola masauzande, ndipo omvera sanasonyeze kuti akusiyanitsa modalirika. Palibe amene anasintha maganizo.

Kubwerera kwa 300B, ndi kubwera kwa class D

Pamene Amerika ankaunjika matiranzisita, ku Japan kunali anthu amene ankagula zokuzira mawu zakale za Western Electric zochotsedwa m'maholo a kanema, n'kumamanga maampulifaya a valavu imodzi mbali iliyonse, class A, opanda feedback, olumikizidwa ku malipenga. Jean Hiraga anafikitsa mwambowu ku France kudzera m'magazini ya L'Audiophile. Hiroyasu Kondo wa Audio Note anatulutsa Ongaku mu 1989, ya mavalavu a 211, mawati 27, ndi mathiransifoma okulungidwa pamanja ndi waya wa siliva, pa mtengo wa galimoto yapamwamba. Pa mita, ampulifaya yotere imapotoza kuposa Point One ya Leak ya mu 1945. Komabe amene anaimvapo ndi sipika yoyenera, pa liwu la munthu mmodzi ndi gitala, amadziwa chifukwa chake anthu amaikonda. Pa wati yoyamba, pamene nyimbo yambiri imakhala, kupotoza kwake n'kochepa ndipo n'kwa mtundu wofatsa uja. Nelson Pass anatcha kampani yake ina First Watt pa chifukwa chomwechi. Koma muipatse gulu lonse la zida ndi sipika yolimba mutu, mudzamva ikubanika.

Njira yomaliza inachokera kosayembekezeka. Mu class D, ndipo D ameneyu satanthauza digital, matiranzisita sakhala otseguka theka. Amangoyaka ndi kuzima kambirimbiri, maulendo mazana a masauzande pa sekondi, ndipo kutalika kwa kuyaka kulikonse kumatsatira nyimbo. Sefa ya koyilo ndi kapasita imachotsa kuphethiraphethirako, n'kutsala funde la mawu. Poti tiranzisita yoyaka kwathunthu kapena yozima kwathunthu siitaya mphamvu yambiri, magetsi oposa 90 peresenti amafika ku sipika. Sinclair anayesa mu 1964 ndi X-10, Sony anayesa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma kwa nthawi yaitali class D inkaonedwa ngati ya besi ndi ya m'galimoto basi. Zinasintha ndi TacT Millennium ya mu 1998, ICEpower ya Bang & Olufsen, makamaka ntchito ya Bruno Putzeys wa ku Belgium, amene ali ku Philips anapanga pulani yotchedwa UcD, kenako Ncore ku Hypex, kenako Eigentakt ku Purifi pamodzi ndi Lars Risbo. Mankhwala ake anali feedback yomweyo ya Black, yotengedwa pambuyo pa sefa, yothiridwa yambiri mopanda manyazi. Lero kabolodi kokwana m'manja awiri kamapereka mawati mazana angapo, kali kofunda chabe, ndi kupotoza kotsika kuposa kumene khutu lingafike. Benchmark AHB2 ya mu 2014 inafika pa ukhondo wofananawo mu class AB.

Mungaganize kuti mlandu wathera pamenepo, koma mitengo ya pamwamba ndiye inakwera kuposa kale. Naim Statement ya mu 2014 inalembedwa mawati 746, dala, poti ndiyo mphamvu ya hatchi imodzi. Relentless ya D'Agostino imalemera makilogalamu oposa 200 bokosi limodzi, ndipo awiri anayambira pa madola 250,000. Ndalama zambiri pamenepo zimapita ku aluminiyamu wosemedwa, ku kupanga zochepa pamanja, ku phindu la wogulitsa ndi ku dzina. Sindikunyoza, munthu wogula wotchi yodula sakhala akufuna nthawi yolondola kuposa ya pa foni. Chimene chimandiseketsa ndi makampani amene amagula kabolodi ka class D kaja, kuika m'bokosi lochindikala kuti wogula akanyamula amve kulemera, poti dzanja linaphunzitsidwa kuyambira nthawi ya ML-2 kuti chopepuka n'chachabe.

Mavalavu nawo akadalipo, ngakhale moyo wawo uli pa ulusi. Mafakitale a ku America ndi kumadzulo kwa Ulaya atatseka, Western Electric n'kusiya 300B mu 1988, otsala aakulu anali a ku China, a JJ Electronic ku Čadca m'dziko la Slovakia, ndi fakitale ya ku Saratov ku Russia. Amene anawasunga amoyo kwenikweni ndi oimba magitala, amene amagula mavalavu ambiri kuposa okonda nyimbo za m'nyumba. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba ndipo katundu wochokera ku Russia atatsekeka, masitolo anauma m'masiku ochepa, mitengo n'kulumpha. Pa nthawiyo dzina la Western Electric linali litayambanso kupanga 300B ku Rossville, m'boma la Georgia, valavu yomwe ija ya m'maholo a kanema a mu 1938, ya mawati 8. Awiri okha amagulidwa pa madola oposa 1,000, ndalama zokwanira ampulifaya yathunthu ya class D ya mawati 200 mbali iliyonse, chenji n'kutsala.